Maso Makumi Asanu ndi Limodzi

Kuno ku Vardø dzuwa limachoka mu Novembala
ngati munthu wothawa ngongole.
Chaka chatha ndinatsagana nalo:
thupi linatsala pabedi,
mwini wakene ndili kwina, kosadziwika.

Panalibe amene anamwalira. Ntchito ya padoko inalipo.
N'chimene chinkandichititsa manyazi,
kulira maliro opanda mtembo.
Mbale zinaunjikana m'sinki,
foni inkalira mpaka kutopa yokha,
kusamba kokha kunali phiri.

Dokotala anandipatsa mapiritsi oyera
ndi ola lokacheza naye Lachinayi lililonse.
Ndinkamwa. Ndinkapita.
Koma pakati pa Lachinayi ndi Lachinayi
pali masiku asanu ndi limodzi,
ndipo onsewo anali usiku.

Eilif wa m'chipinda chapansi,
amene anasoka maukonde zaka makumi anayi
mpaka bondo linamutsitsa m'boti,
anagogoda ndi chigongono,
m'manja muli ulusi wotuwa wa ubweya wa nkhosa
ndi singano zisanu zansungwi.
Sanafunse kuti ndikupeza bwanji.
Anati, "Ragnfrid, zala zanga zayamba mwano.
Ndinayamba sokosi. Undilukireko diso limodzi."

Diso. Amatchula choncho, ngati la ukonde.
Lowetsa, zunguliza, kokera, vula.
Tsiku limenelo ndinaluka maso asanu ndi awiri,
atatu othina, ena olobodoka,
kenako ndinagona ngati ndasenza miyala.

Ndinatulukira chinthu mlungu wachiwiri.
Mawu aja a m'mutu, onena kuti ndilibe phindu,
sadziwa kuwerenga.
Ndikati khumi ndi zitatu, khumi ndi zinayi,
amaima pakhomo kudikira kuti ndimalize mzere,
ndipo mzere wa sokosi ulibe pothera,
umangozungulira.

Usiku wina diso linapulumuka pa singano
n'kutsetsereka mizere isanu ndi itatu,
kusiya kamakwerero.
Ndinalira, ine amene ndinalephera kulira miyezi iwiri.
Ndinatsika nayo sokosiyo wopanda nsapato.
Eilif anaiyang'ana pansi pa nyali, anatenga kangowe.
"Diso likagwa silitayika," anatero,
"limakhala pansipo, pamene linaima."
Analikweza khwerero limodzi limodzi,
osafulumira, khofi wake akuzirala.

Chidendene chinamukanika kufotokoza.
Anandituma ku laibulale Lachiwiri madzulo,
mwina dala.
Ndinaponda chipale chofika m'mawondo, ndinabwerera kawiri,
kachitatu ndinalowa.
Kumeneko palibe amene amakuyang'ana m'maso,
maso onse ali pa maso a ulusi.
Oddveig ankadandaula za mtengo wa nsomba zouma
uku akundigwira dzanja popinda chidendene,
ndipo ndinamva pakamwa panga pakuyankha,
mawu adzimbiri, koma anga.

Sindinena kuti ulusi unandichiritsa.
Mapiritsi ndikumwabe, Lachinayi ndikupitabe.
Alipo masiku amene singano zimagona patebulo
ine n'kumaziyang'ana ngati za munthu wina.
Koma tsiku lopanda kanthu likamatha
ndimatha kuyeza ndi chala:
apa ndi pamene ndinali m'mawa,
apa ndi pamene ndafika.
Kutalika kwake ngati chikhadabo. Koma kulipo, kumagwirika.

Kumapeto kwa Januwale dzuwa linasuzumira panyanja
mphindi zowerengeka, lamanyazi.
Sokosi inatha tsiku lomwelo,
yopotoka, yotakata m'kakolo,
pamene panagwa diso pali chipsera.
Eilif anaivala pomwepo, anayenda nayo m'khitchini
uku ndi uku, phazi linalo lili pamtunda.
Kenako analikweza, lotuwa ndi chisanu,
n'kugwedeza zala zake.
"Nanga ili," anatero, "linalakwa chiyani?"

Ndinakwera kuchipinda kwanga.
Ndinatsuka kapu imodzi.
Ndinakhala pafupi ndi windo, ulusi pamiyendo,
n'kuyamba kuwerenga kuchokera pa chimodzi.